Mzere wa Nambala Seveni

Pampando panalibe munthu, koma kompyuta inali pantchito.

Ndinaima pakhomo la kaofesi kaja chikwama chili m'manja, ndikuyang'ana kamuvi koyera kakuyenda kokha pagalasi. Kanatsegula tsamba la pa intaneti la fakitale ya mpweya, malemba n'kumadzilemba okha m'timabokosi, batani n'kudinika popanda chala. Ndagwira unamwino zaka makumi atatu ndipo ndatseka maso a anthu ambiri, koma m'mawa umenewo thupi lonse linachita tsemwe.

"Musaope, Amayi," anatero Alito kumbuyo kwanga. "Ndi pulogalamu chabe. Ndinailemba ndine."

Timamutcha Alito chifukwa cha mawu ake mu kwaya yathu. Ndiye amayang'anira kompyuta pa kampani yaing'ono yoperekera masilinda a mpweya kwa odwala amene ali kunyumba. Panali patatha sabata yathunthu chipezereni a Mawotchi, nkhalamba yokonza mawotchi imene ndinayandikana nayo nyumba, atauma pampando wawo silinda itatha. Ndinawapeza ndine. Apolisi ankati Alito ndiye anawapha ndi kusasamala, ndipo mawa lake ankayenera kukaima m'khoti.

"Akuti andiimitsa ntchito," anatero akuyesa kuseka, "koma m'mawa uliwonse amandiitana kuti ndidzaone ngati chinthuchi chikuyenda. Palibe wina amachidziwa."

Anali atawonda. Malaya ankamulendewera ngati obwereka.

"Ndionetse, mwanangu. Pang'onopang'ono, ngati ukuphunzitsa nkhuku."

Anakhala pansi n'kutsegula tsamba lina lodzaza mizere. Fakitale, iye anati, imawapatsa masilinda khumi basi pa ulendo, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Wodwala aliyense ali ndi mzere wake wa nambala. Pulogalamu ikafika pa mzere imamuitanitsira silinda, ndipo amene waitanitsiridwa ndiye amatuluka papepala la dalaivala.

"Wodwala akapita kuchipatala sitifufuta mzere wake, chifukwa adzabweranso. Ndimangoika kachizindikiro aka kutsogolo." Analoza timizere tinayi topingasana ngati kampanda. "Kompyuta ikakaona, imaulumpha mzerewo ngati palibe. Ine ndimati ndaugoneka. Munthu akatuluka ndimachotsa kachizindikiroko, mzere n'kudzuka."

Pa mizere khumi yoyambirira, ina yonse inali yowala. Umodzi wokha pakati unali wotuwa ngati phulusa.

"Uwo ndi wa a Mawotchi?"

"Nambala seveni. Ndipo sindigoneka mzere osalemba chifukwa chake, Amayi. Amene anandiphunzitsa ntchito ankandimenya ndi rula ndikaiwala. Werengani."

Ndinavala magalasi. Pamwamba pa mzere wotuwawo panalembedwa kuti: *Wagona mpaka Lachisanu. Waimba foni mwana wawo wamkazi, akuti bambo ali kuchipatala. Lolemba m'mawa.*

Ndinawerenga kawiri, kenaka ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Unamva mawu ake?"

"Ndinawamva bwinobwino. Mayi waulemu, ankalankhula motsitsa ngati wangolira kumene. Mpaka pano ndikatseka maso ndimawamva."

Mwana wamkazi wa a Mawotchi tinamuika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Nyimbo ya pamanda ndinayambitsa ndine.

*

"Mayi, akufa saimba foni," anatero a Sajeni nditafika kupolisi, akutakasa tiyi ndi bolopeni. "Akanakhala amaimba, ine ntchito ikanandipepukira. Ndikanangokhala pano n'kumafunsa kuti, 'Eya, wakuphani ndani?'"

"Ndiye anaimba wamoyo."

"Kapena sanaimbe aliyense. Tamverani. Mtsikana wanuyu anagoneka mzere wolakwika, mwina akucheza pafoni ndi chibwenzi. Atamva kuti munthu wafa, anathamanga kukalembapo kankhani koti adzipulumutse. Tsoka lake anasankha mboni ya kumanda."

"Nambala imene inaimba simunaione?"

"Foni ya paofesipo ndi ya makedzana, ija ya chingwe. Sionetsa nambala. Ndalembera kalata a kampani ya mafoni. Adzandiyankha ndili pa penshoni."

Ndinawauza kuti mkamwini wa malemu anakwatiranso, ndipo mkazi watsopanoyo ali ndi pakamwa ngati mkazi aliyense. A Sajeni anagwedeza mutu, osati motsutsa kwenikweni. Kenaka anandiyang'ana pamwamba pa kapu.

"Inu ndinu munkawazonda tsiku lililonse, eti? Foni analibe, foni yawo munali inu. Nanga masiku atatu amenewo munali kuti?"

Funso limenelo ndinali nditadzifunsa kale kokwana chikwi. Lolemba mbandakucha mwana wanga wamkazi anayamba kumva zowawa za kubereka, ine n'kukwera basi yoyamba. Sindinauze aliyense kuti aziwaona a Mawotchi. Ndinati dalaivala abwera lero, abweranso Lachitatu, maso alipo. Ndinabwerako Lachinayi nditanyamula chithunzi cha mdzukulu kuti ndikawaonetse.

"Ndinali kolandira moyo," ndinatero, "pamene wina unkatuluka kuseri kwa khoma langa."

A Sajeni anaika kapu pansi.

"Pepani, Mayi. Sindimati ndikulaseni. Koma khoti ndi mawa naini koloko. Mukandibweretsera mzimu wanuwo uli ndi miyendo, ndiumvera."

*

Mkamwini ndinamupeza m'nyumba ya malemu akulongedza katundu. Ndi munthu wowotcherera zitsulo, wa manja azipsera ndi mawu ngati chitseko cha galaja.

Chipinda chija ndinkachidziwa ndi phokoso. Mawotchi oposa makumi awiri pakhoma, pashelefu, pawindo, onse akugunda mosiyana ngati mpingo wosadziwa nyimbo, ndipo pansi pa phokosolo kamluzu ka mpweya wotuluka m'silinda. Tsopano munali zii. Wotchi iliyonse inaima pa nthawi yakeyake, malinga ndi pamene mphamvu inaithera. Mpando wawo unali pomwepo, khushoni likadali ndi dzenje la thupi lawo.

"Mwabwera kudzandiona ngati ndili ndi magazi m'manja, Anamwino?" anatero osatembenuka. "Ndamva kale. Akuti ine ndi mkazi wanga tikufuna nyumba. Nyumba yake iti? Iyi ndi ya eni ake, mwezi ukatha akufuna makiyi. Cholowa changa ndi mawotchi akufa awa."

"Mkazi wako anali kuti Lolemba m'mawa?"

"Pamzere wa sikelo ya mwana kuyambira sikisi. Kafunseni anzanu akuchipatala, anakangana nawo onse, samuiwala."

Anakulunga wotchi ina m'nyuzipepala, kenaka anaiika pansi mwamphamvu n'kunditembenukira. Maso ake anali ofiira.

"Komanso taganizani, Anamwino. Ine ndikanafuna kunama, ndikanatuma munthu kuti aname m'dzina la mkazi amene ndinamutsitsira m'manda ndi manja angawa? Bodza loti aliyense mumsewu uno angaligwire? Ndine mbuli, koma osati choncho."

Mawu amenewo anandikhala pamtima ngati mwala. Ankanena zoona. Abale onse ankadziwa. Oyandikana nawo onse tinali pamaliro. Aliyense wowadziwa bwino a Mawotchi sakanasankha bodza limenelo.

Maso anga anapita pakona. Panali silinda yachiwiri, yayitali, yovekedwa kansalu koluka pamutu, ndipo pakhoma pamwamba pake chithunzi cha malemu mwana wawo akumwetulira atavala za ukwati.

"Iyo bwanji sanailumikize mpweya utawathera?"

"Ilumikizidwe chiyani? Ndi chitsulo chabe. Ndinaigula ndine pamene mkazi wanga ankadwala, ndipo inatha tsiku limene iye anatha. Apongozi anakana kuti ichoke. Ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse." Anapumira m'mwamba. "Mukudziwa mmene analili. Mlendo akangolowa, 'Uyo ndi mwana wanga, akubwera Loweruka.' Ngakhale wowerenga mita ya madzi ankamuuza choncho."

Ndinkadziwadi. Kwa ife sankatero, chifukwa ankadziwa kuti tikudziwa. Ankauza alendo okha, anthu a mphindi zisanu, kuti kwa mphindi zisanuzo mwana wawo akhalenso wamoyo. Ine sindinawadzudzulepo. Amene timayembekeza kuuka kwa akufa tilibe mphamvu yotsutsa bambo amene wangofupikitsa tsiku.

Ndiye woimba foniyo sanali mzimu, ndipo sanali mbale. Anali munthu wokhulupirira kuti mwanayo alipo. Munthu amene amalowa m'chipinda chino mphindi zisanu, n'kuona silinda ziwiri. Munthu wodziwanso kuti kuofesi foni imodzi imakwanira kugoneka mzere.

Ndinatuluka panja n'kuimbira Alito.

"Mwanangu, fakitale imapereka khumi. Utagoneka seveni, Lolemba lija munatenga zisanu ndi zinayi?"

"Ayi, Amayi, malo sakhala opanda munthu. Pansi pa mizere khumiyo pali ya odikira, yonse yogona. Wina akagona pamwamba, ndimadzutsa woyamba wa pansi."

"Unadzutsa ndani?"

"Nambala leveni. Dzina sindilidziwa, achipatala amatipatsa nambala ndi malo okhala basi." Kenaka anawonjezera kuti, "Amayi, apolisi sanandifunse zimenezo."

"Ndiwerengere malowo."

*

Inali nyumba ya chipinda chimodzi kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Ndisanagogode ndinamva kamluzu kaja. Ndinakazindikira pomwepo, chifukwa kwa sabata yathunthu ndinkakamva m'mutu mwanga mokha.

Anatsegula mayi wachitsikana, wowonda, manja ali ndi thovu la sopo.

"Ndine namwino," ndinatero. "Ndabwera kudzaona wodwala."

"Lowani, Amayi. Pepani m'nyumba simunakonzedwe."

Ankalankhula motsitsa, mwaulemu, ngati wangolira kumene.

Pabedi panakhala kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, timachubu tili m'mphuno, kakujambula ndi makala pakatoni. Zala zake zinali zotupa kumapeto, monga zimakhalira kwa ana a vuto la mtima, koma milomo inali yofiira bwino. Kanandiyang'ana n'kundionetsa chojambulacho.

"Ndi galimoto ya adadi. Imalira kuti pi-pi-piii!"

Ndinakagwira dzanja n'kuwerenga kugunda kwa mtima, chifukwa manja a namwino sadziwa kupuma pantchito. Ndikanakonda kuti ndikapeze chigawenga cha maso ofiira. Ambuye sanandipatse chimenecho.

"Wayamba liti kulandira mpweya?"

"Lolemba la sabata yatha. Tinadikira miyezi inayi." Mayiyo anapukuta manja pa siketi. "Lamlungu lija anada milomo, Amayi. Anada bii. Kuchipatala anati mabedi adzaza, tidikire nambala yathu."

"Ndipo Lolemba m'mawa munaimba foni."

Sanafunse kuti foni yanji. Anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, n'kudziphimba kumaso ndi manja onyowawo.

Panja panalira hutala katatu, kawiri mofupika, kamodzi motalika. Kulira kumeneko ndinkakudziwa. Kwa zaka ziwiri kunkandiuza kuti silinda ya a Mawotchi yafika. Mumsewu mwathu dalaivalayo tinkangomutcha Hutala.

Analowa akuimba mluzu, atanyamula malalanje awiri. Atandiona, malalanjewo anagwa n'kugubuduzika mpaka pansi pa bedi.

"Tituluke," ndinatero. "Mwana asamve."

Tinaima kuseri kwa galimoto, pakati pa fungo la sopo ndi dizilo. Munthu amene ankaseka ndi msewu wonse anavula chipewa, maso ali pansi.

"Anali masiku anayi okha, Anamwino. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Mpaka Lachisanu basi, kuti mwana apezeko mphamvu, kenaka mzere wa madala udzuke ngati palibe chachitika. Sitinawachotse ayi. Tinangowaimitsa kaye."

"Mapapo a munthu saimitsidwa kaye."

"Anali ndi ina! Pakona paja, yayitali, yovala kansalu! Ndaiona kambirimbiri. Ndinati pa odwala onse khumi, amene ali ndi ziwiri ndi iwo okha."

"Unaigwirapo? Unayang'anapo geji yake yoonetsa mpweya wotsala?"

Anapukusa mutu.

"Inali yopanda kanthu zaka zisanu ndi chimodzi. Inali ya mwana wawo, uja mkazi wako anabwereka dzina lake. Anamwalira akupumira momwemo."

"Anamwalira?" Anagwira chitseko cha galimoto. "Koma ankati akubwera Loweruka. Nthawi zonse ankati... Ine ndinkawaseka kuti, 'Madala, mudzandidziwitse kwa mlongo wangayo.'"

Analira ngati mwana, chipumi chili pachitsulo chotentha. Kenaka ananena chimene sindidzachiiwala mpaka tsiku langa.

"Komanso ndinati inu mulipo. Ndinati chikavuta, Anamwino a khomo linalo aona msanga."

Iye anadalira ine, ine ndinadalira iye, ndipo pakati pa kudalirana kwathu nkhalamba inakhala pampando ikumvetsera mawotchi ake akuima imodziimodzi. Sindikanatha kumuponya mwala. Dzanja langa lomwe linali lolemera. Koma kunali mwana wina amene sanadye sabata yathunthu chifukwa cha mlandu wosakhala wake.

"Mawa naini koloko Alito akaima m'khoti m'malo mwako," ndinatero. "Wakhala ukumuona m'mawa uliwonse akukupatsa pepala. Unkamuyang'ana bwanji?"

"Sindinkamuyang'ana."

Mkazi wake anali atatuluka, ataima pakhomo.

"Amayi," anatero ndi mawu aja, "tikanena, amuchotsera mwana mpweya?"

Ndinafuna kumulonjeza, koma sindilonjeza zimene sizili m'manja mwanga.

"Sindikudziwa, mwanangu. Ndikamumenyera nkhondo ndi mphamvu zanga zonse. Koma sangapume ndi mpweya wa anthu awiri, wa a Mawotchi ndi wa Alito."

Hutala anapukuta nkhope ndi chipewa. Analowa m'nyumba, ndipo ndinamumva akuuza mwana kuti malalanje ali pansi pa bedi, asadye onse tsiku limodzi. Atatuluka ananditsegulira chitseko cha kutsogolo.

"Kwerani, Anamwino. Ndikudziwa njira."

Ulendo wonse mpaka kupolisi sanalize hutala ngakhale kamodzi, ngakhale pamene njinga inatidula kutsogolo. A Sajeni atationa tikulowa anasiya kutakasa tiyi.

"Uwu ndiye mzimu wanu?"

"Uli ndi miyendo," ndinatero. "Mverani."

*

M'mawa mwake, nthawi imene Alito akanakhala akusita malaya a kukhoti, tinali awiri m'kaofesi kaja. Mlandu wake unali utachotsedwa. Ndinamubweretsera buledi, ndipo anadya theka ndikumuyang'anira ngati wodwala.

"Abwana akuti leveni akhale," anatero. "Malo a seveni tsopano alibe mwini, ndipo woyamba pamzere wa odikira ndi yemweyo. Akuti lamulo ndi lamulo, mwana sanaimbe foni."

Ndinathokoza Mulungu mumtima, koma chiyamiko chake chinali chowawa. Malo amene bambo ake anaba kwa masiku anayi, mwanayo anali atawalandira mpaka kalekale, ndipo mtengo wake tonse tinkaudziwa.

"Akutinso ndifufute mzere wa seveni." Anaika chala pa batani, osadina. "Amayi, ndinaugoneka ndine. Ndikanaimbira kuchipatala kufunsa ngati alikodi. Mphindi imodzi yokha."

"Inenso ndikanagogoda pakhomo la munthu mmodzi ndisanakwere basi. Tizisenza awiri, mwanangu, usasenze wekha. Ndipo kuyambira lero uziimba."

"Ndiziimba." Anayang'ana mzere wotuwawo nthawi yaitali. "Ukakhala sulemera kanthu. Kompyuta siuona n'komwe."

"Ndiye usiye. Uziuona iweyo."

Anachotsa chala pa batani lofufutira. Anakwera pa mawu aja a pamwamba, n'kuchotsa za foni ndi za Lachisanu, ndipo m'malo mwake analemba kuti: *A Mawotchi. Musagoneke munthu musanafunse.* Kenaka anaima n'kukankhira mpando pansi pa tebulo.

Seveni koloko itakwana, tsamba la fakitale linatseguka lokha. Tinaima pambali, mapewa atagundana, tikuyang'ana kamuvi koyera kakuitanitsa mpweya wa anthu amene sikawadziwa. Wani. Thu. Kanatsika mpaka sikisi, n'kudina. Pa seveni sikanaime ngakhale pang'ono. Kanapitirira ngati munthu wodutsa pakhomo pamene sanagogodepo chibadwire, mpaka kanafika pa leveni.

Alito anandigwira dzanja. Batani linadinika.